Khasu la Angerezi: "Dig in" ndi abale ake

(Nyimbo yotsegulira, kenaka itsike pang'onopang'ono)

 Yakwana nthawi ya phunziro lathu la Chingerezi, ndipo lero tanyamula khasu.

Ndiyambe ndi manyazi anga. Zaka zingapo zapitazo ndinaitanidwa kukadya kunyumba kwa mayi wina wa ku England amene tinkagwira naye ntchito. Tinalipo alendo asanu kapena asanu ndi mmodzi. Chakudya chitadzaza tebulo, mayiyo anaomba m'manja nati, "Come on, everyone, dig in!" Ine mawu oti "dig" ndinkawadziwa kuyambira ku pulayimale: kukumba. Ndiye ndinakhala phee, maso pa mbale ya mpunga, mutu ukuzungulira. Tikumbe chiyani? Kapena pansi pa mpungawu abisapo kanthu? Pamene ndinkadzutsa mutu, anzanga anali atafika kale pakati pa ntchafu za nkhuku. Mayi aja ankangonena kuti, "Tiyeni, kazidyani."

Tsikulo ndinazindikira kuti kudziwa "dig" payekha n'kudziwa mpini wopanda khasu. Tanthauzo lenileni limakhala pa kaliwu kakang'ono kamene kamabwera pambuyo pake: "in", "up", "out", "into". Mneni akaphatikana ndi kaliwu kotere n'kubala tanthauzo latsopano, Angerezi amati imeneyo ndi "phrasal verb". Ana a Fomu 4 amene mukukonzekera mayeso a MSCE dzina limeneli mukulidziwa, ndipo ambiri mumalida. Musalide, chifukwa ifenso timachita zomwezi m'Chichewa, kungoti ife timamata kusinthako kumchira kwa mneni. Timati kutseka, n'kutinso kutsegula. Kumata, kumatula. Kuyala, kuyalula. Kukumba, kukumbira, kukumbitsa. Mchira ukasintha, ntchito yasintha. Mngerezi mchira wakewo saumata, amausiya uziyenda wokha pambuyo pa mneni ngati kamwana kotsatira amake, ndipo nthawi zina kamatsalira m'mbuyo mawu ena n'kulowa pakati. Koma ntchito yake ndi yomweyo.

Choncho langizo langa pa "dig" ndi ili: musaloweze matanthauzo ngati mndandanda wa zogula kumsika. Yang'anani kumene dothi likupita, ndi kumene chinthucho chikupita. Chikulowa pansi? Chikutuluka pamwamba?

Tiyambe ndi "dig in", popeza ndi amene anandichititsa manyazi.

Tanthauzo lake lapafupi kwambiri ndi la kumunda. Mwathira manyowa pamwamba pa bedi la masamba, ndiye mukutembenuza dothi kuti manyowawo alowe pansi. Mngerezi amati, "Dig the manure in." Ife timati kukwirira manyowa. Apa palibe chovuta, chinthu chalowa m'dothi ndipo chikhala momwemo.

Tsono taganizirani kuti cholowa m'dothicho si manyowa koma munthu. Apa ndiye pamene pali nkhani. Mawu oti "dig in" anamveka kwambiri pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, ya 1914 mpaka 1918. Nkhondoyo itangoyamba, asilikali a Germany anadutsa m'dziko la Belgium n'kulowa mu France mothamanga, akulunjika ku Paris. Mu September 1914 anaimitsidwa pa mtsinje wa Marne ndi asilikali a France ndi a Britain. Atabwerera m'mbuyo pang'ono, anaima n'kuyamba kukumba ngalande zobisalamo. Adani awo nawo anakumba zawo moyang'anizana nawo. Chifukwa chake chinali chosavuta kumva: mfuti zachiwaya ndi mizinga za nthawiyo zinkapulula aliyense woyenda poyera, ndipo malo okha opulumukira anali pansi pa nthaka. Pofika kumapeto kwa chaka chimenecho ngalandezo zinali zitayambira kugombe la North Sea ku Belgium mpaka kumalire a Switzerland, mtunda wa makilomita pafupifupi 700. Anthu anakhala m'menemo zaka, m'matope, pamodzi ndi makoswe ndi nsabwe, mzere wa nkhondo osasuntha kwenikweni.

Ndiye mukawerenga m'buku la mbiri kuti "The soldiers dug in along the river", musamasulire kuti asilikali anakumba mumtsinje. Akutanthauza kuti anadzikonzera malo obisalamo m'mbali mwa mtsinjewo, ndipo sakuganiza zochokapo. Mawuwa mumawamvabe lero pa nkhani za m'Chingerezi zonena za nkhondo ya ku Ukraine, kumene ngalande zabwereranso.

Kuchokera kunkhondoko, mawuwa anafalikira kulikonse kumene munthu wakonzeka kupirira osasuntha. Timu ya mpira yamwetsa chigoli chimodzi, kwatsala mphindi 20, anyamata onse abwerera kumbuyo kukatseka. Woulutsa mpira m'Chingerezi anena kuti, "They have to dig in now." Palibe amene wanyamula khasu m'bwalomo. Akunena kuti alimbe, apirire, asalole kanthu kudutsa. Ogwira ntchito anyanyala, mabwana nawo akukana kukweza malipiro, sabata zikupita. Nyuzipepala ilemba kuti, "Both sides are digging in." Mbali zonse zakumba ngalande zawo, nkhaniyi sitha msanga.

Pali m'bale wake wa mawu amenewa amene ndimamukonda kwambiri, chifukwa chithunzi chake aliyense wa ife anachionapo. Munayesapo kukoka mbuzi pa chingwe kupita nayo kumsika, iyo isakufuna? Imaumitsa miyendo, ziboda n'kuzizika m'dothi, inu kukoka, iyo kukoka. Mngerezi amaona zomwezo pa munthu amene wazika zidendene pansi pa masewero okokana chingwe, ndipo amati "to dig your heels in". "Heels" ndi zidendene. "We asked grandfather to move to town, but he dug his heels in." Tinawapempha agogo kuti asamukire m'tauni, koma anakana kwamtuwagalu. Mutha kunenanso kuti "he dug in his heels", zonse ziwiri n'zolondola. Chenjezo laling'ono: mawu amenewa kawirikawiri amanunkha kadandaulo. Wonenayo amaona ngati mnzakeyo akuuma mutu. Ngati mukufuna kuyamikira munthu kuti anaima nji pa chilungamo, pali mawu ena abwino, monga "he stood firm".

Tibwerere patebulo paja. Kodi kudya kukugwirizana bwanji ndi kukumba? Taonani mmene munthu wanjala amalowetsera supuni mu mulu wa mpunga. Ndi fosholo ndithu imeneyo. "Dig in!" ndi kuitanira anthu kuti ayambe kudya momasuka, asachite manyazi, asadikire mwambo. Ku Britain mudzamvanso "Tuck in!", tanthauzo lake ndi lomwelo.

Koma apa mvetserani bwino, pakuti m'dikishonale simupezamo zonse. Amene amanena "dig in" ndi mwini chakudya, kapena mnzanu amene mumaseka naye. Mlendo safika pakhomo pa eni ake n'kulengeza kuti "Let's dig in", monganso kwathu kuno mlendo sayamba kutsegula mbale eni ake asanabweretse madzi osamba m'manja. Ndiponso ndi mawu a pakati pa anthu ozolowerana. Pa phwando la ulemu, pamene pali akuluakulu, kapena apongozi anu amene mumalankhula nawo Chingerezi akabwera, nenani kuti "Please, help yourselves" kapena "Please start". Kuwauza apongozi kuti "dig in" kuli ngati kuwauza kuti "tiyeni timenye nsimayi". Samenya nsima apongozi, amadya.

Kanthu kenanso. "Dig in" ya chakudya imaima yokha, siitchula chakudyacho. Mukafuna kuchitchula, "in" amasanduka "into": "The children dug into the rice." Ana anaugwira mpunga mosaunyengerera.

(Nyimbo pang'ono)

Ngati mwangotsegula kumene wailesi, tili pa phunziro la Chingerezi, ndipo tikuona mmene mneni woti "dig" amasinthira tanthauzo malinga ndi kaliwu komutsatira. Tathana ndi "dig in". Tsopano titembenuze khasu, titenge "dig up".

Ngati "in" amalowetsa pansi, "up" amabweretsa pamwamba. Liwu lathu loyandikira kwambiri ndi kufukula. Ndipo pano ndi pamene kaliwu kamodzi kangakuikeni m'mavuto aakulu. Tamvani ziganizo ziwiri izi. Choyamba: "The men dug a grave." Chachiwiri: "The men dug up a grave." Kusiyana kwake ndi zilembo ziwiri zokha. Koma choyambacho chikunena za adzukulu amene alawirira m'mamawa kukakonza nyumba ya malemu, anthu oyenera kuwathokoza ndi kuwaphikira. Chachiwiricho chikunena za anthu amene afukula manda, ndipo nkhani yotere imathera kwa amfumu ndi kupolisi. Mwana wasukulu akalemba chimangirizo cha maliro a agogo ake n'kuponyamo "up" pamenepo, wasandutsa adzukulu kukhala anthu oopsa.

Lamulo lake nali. "Dig" payekha amatchula chimene mukupanga pokumbapo: dzenje, chitsime, ngalande, manda. "Dig a hole, dig a well." "Dig up" amatchula chimene chinalipo kale, chimene mukuchichotsa pansi kapena kuchigumula. "We dug up the cassava", takumba chinangwa. "They have dug up the road again", akumbanso msewu uja, mwina akuika mapaipi. Onani kuti ife timati kukumba chitsime, n'kutinso kukumba chinangwa, mneni mmodzi yemweyo, ndiye khutu lathu silimva msanga kusiyanako. N'chifukwa chake ambiri timalakwitsa pamenepa.

Pali nkhani ina ya ku England imene inadzaza manyuzipepala ndi mawu oti "dug up". Mfumu Richard III inaphedwa pa nkhondo ya ku Bosworth mu 1485, ndipo inaikidwa mwachangu m'tchalitchi cha ansembe ena mumzinda wa Leicester. Tchalitchicho chinadzagwetsedwa, pamalopo panamangidwa zina, ndipo manda a mfumu anaiwalika kwa zaka mazanamazana. Mu 2012 akatswiri ofukula zakale a pa yunivesite ya Leicester anakumba pamalo ena oimikapo magalimoto mumzindawo, n'kupeza mafupa a munthu wa msana wopindika, chigaza chili ndi mabala a nkhondo. Atayeza DNA n'kuyerekeza ndi ya anthu a mtundu wa mlongo wake wa mfumuyo, analengeza mu February 2013 kuti ndi Richard III ndithu. Anamuikanso mwaulemu mu March 2015 mu Leicester Cathedral. M'Chingerezi nkhani yonseyi imakwana m'chiganizo chimodzi: "The king was dug up in a car park." Mfumu yonse, anthu akuimika magalimoto pamwamba pake osadziwa.

Sitikusowa kupita kutali chotero. Amene munafikako ku Karonga munaona kunyumba yosungirako zinthu zakale chinyama chachikulu chija chotchedwa Malawisaurus, chimene mafupa ake anafukulidwa m'boma lomwelo. "Its bones were dug up in Karonga District."

Tsono monga ife timanena kuti munthu akufukula nkhani zakale, Mngerezi nayenso amati "to dig up the past". Banja lakhala pansi kuti ligawane za chuma cha masiye, wina n'kuyamba kukumbutsa ngongole ya mbuzi ya zaka makumi awiri zapitazo. Wina amudula: "Why are you digging up the past?" Nthawi ya chisankho mudzamva kuti "They are trying to dig up dirt on him". "Dirt" ndi dothi kapena litsiro, koma apa akutanthauza zoipa zobisika za munthu, zimene adani ake akuzisakasaka kuti amuyalutse. Si nthawi zonse pamene "dig up" amakhala woipa. Mtolankhani wakhama kapena wofufuza mbiri akapeza chikalata chimene aliyense anachiiwala, amati "she dug up an old report", ndipo kumeneko n'kumuyamikira. Koma mukabwera ndi mmisiri amene wawononga ntchito, mnzanu n'kukufunsani kuti "Where did you dig him up?", dziwani kuti akukusekani. Akuti, "Ameneyu mwamutola kuti?"

"Dig out" ndi wapafupi ndi "dig up", mwakuti nthawi zina amalowana m'malo. Kusiyana kwake n'kwakuti "out" amakamba za kutulutsa chinthu chimene chapanikizika kapena chakwiririka. Lole yatitimira m'matope m'nyengo yadzinja, anyamata abwera ndi makasu: "They dug the lorry out." Mawu omwewa anamveka m'nkhani za m'Chingerezi mu March 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, anthu akuyesetsa ndi makasu ndi manja kutulutsa abale awo. Kumeneko ndiko "digging people out". Pa moyo wa tsiku ndi tsiku mawuwa ndi opepuka. Akufunsani satifiketi yanu ya JCE, inu mukudziwa kuti ili penapake pansi pa sutikesi, pansi pa zitenje ndi makalata akale. Mumayankha kuti, "I'll dig it out tonight." Chinthucho mukudziwa kuti chilipo, kungoti pafunika kuvundukula zambiri kuti muchipeze.

"Dig into" tamugunda kale pa mpunga paja. Tingoonjezapo kuti chilichonse cholowa mkati molimba chimatha kutero. Lamba wa chikwama cholemera akukulowani m'phewa: "The strap is digging into my shoulder." Mwana wadwala, malipiro atha, mwatapa ndalama zimene munkasungira malata: "I had to dig into my savings." Mawu amenewa amanenedwa ndi kudandaula, palibe amene amatapa posungira akusekerera. Ndipo wofufuza akalowa mkati mwa nkhani, amati "he is digging into the matter".

Tsopano galamala pang'ono, pakuti apa ndi pamene malikisi amathawira. Ndinati kaliwu kaja nthawi zina kamatsalira m'mbuyo. Mutha kunena "dig up the potatoes" kapena "dig the potatoes up", zonse n'zabwino. Koma mukachotsa dzinalo n'kuikapo mlowam'malo, monga "it", "them", "him", "her", ameneyo ayenera kukhala pakati basi. "Dig them up." "Dig it out." "Dig it in." Kunena kuti "dig up them" n'kulakwa, ndipo khutu la mwini chinenero limamva nthawi yomweyo. Wosiyana ndi anzake ndi "into". Iyeyo salola kulekanitsidwa ndi "dig", ndiye timati "dig into it".

Nthawi yakale ya "dig" ndi "dug", d, u, g. "Today I dig, yesterday I dug, I have dug." Ana ambiri amalemba "digged", ndipo aphunzitsi amadula ndi cholembera chofiira. Akudula molondola. Koma ndikunong'onezeni kuti mwanayo ali ndi mboni yakalekale: Baibulo la Chingerezi la King James, la 1611, limalemba "digged" pamene likusimba za anthu okumba zitsime. Chingerezi chinasintha, "dug" n'kulanda malo. Ndiye pa mayeso musakatchule Mfumu James, sadzabwera kudzakuikirani kumbuyo. Polemba "digging" musaiwale kuti g alipo awiri pakatipo.

Katchulidwe nako. Lilime lathu limakonda kutseka liwu lililonse ndi lembo la liwu, ndiye timapezeka tikuti "digi ini", "digi apu". Mngerezi amalumikiza g uja ku kaliwu kotsatira, mawu awiri n'kumveka ngati amodzi, ndipo mphamvu amaiika pa kaliwu kachiwiriko. Tayesani nane: "di-GIN". Kachiwiri: "di-GIN". Tsopano "di-GAP". Tsopano "di-GAUT". Pa "dug", kamwa itseguke ngati mukunena a wamfupi, "dag". Mukaizungulitsa milomo mutchula "dog", ndipo womvera adzayamba kufunafuna galu.

Tisanatseke, tengani cholembera. Ndiwerenga ziganizo zinayi, pamene ndaomba m'manja inu muikepo kaliwu koyenera.

Choyamba: "The food is getting cold. Please dig ..." (kuomba m'manja)

Chachiwiri: "The dog dug ... (kuomba m'manja) the bone it had buried."

Chachitatu: "Our car was stuck in the mud, so we dug it ..." (kuomba m'manja)

Chachinayi: "The chief dug his heels ... (kuomba m'manja) and refused to sell the land."

(Nyimbo masekondi 30)

Tione. Choyamba ndi "in", chakudya chikuzizira, kazidyani. Chachiwiri ndi "up", galu wafukula fupa limene anakwirira. Amene mwalemba "out" pamenepo sindikudulani, Mngerezi akhoza kuvomera, ngakhale "up" ndi amene amabwera msanga pakamwa pake. Chachitatu ndi "out", ndipo mwaona kuti "it" wakhala pakati. Chachinayi ndi "in", amfumu anakaniratu kugulitsa malo.

Ntchito ya kunyumba ndi iyi: lembani chiganizo chimodzi chokhala ndi "dig a" ndi china chokhala ndi "dig up a", dzina lotsatira likhale limodzimodzi, ndipo mufotokozere mnzanu m'Chichewa kusiyana kwake. Manda musagwiritse ntchito, ndatenga kale ine. Tikumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino. Amene nsima yapsa, musandidikire.

(Nyimbo yotsekera)